Tadeyo, Mwamuna wa Vainess

Mukafunsa Amalawi a kuno ku Glasgow za a Tadeyo Chimbalanga, ambiri adzakuuzani kuti ndi bambo wamtali uja ankayendetsa basi yodutsa mu Maryhill Road, amene sasowa pa maliro koma sakhalitsa pa phwando. Ena adzawonjezera motsitsa mawu kuti ndi aja anathawidwa ndi mkazi. Eni ake sanena choncho. Mukawafunsa ngati ali pa banja amati eya, ndipo mukafunsa kuti nanga mayi ali kuti, amayankha kuti, "Ali ku Partick," dera lina la mumzinda momwemuno, ngati munthu amene akunena za mkazi amene wangopita kokagula ndiwo.

Ine dzina langa ndi Eneya. Ndine wa CCAP chibadwire, choncho za Chikatolika zimene zili m'nkhaniyi ndinazimva kwa iwo. Tinadziwana ku depoti ya mabasi kumene tinali Amalawi awiri okha pakati pa madalaivala onse, ndipo shifiti ikatilola tinkamwera limodzi tiyi ku kantini.

A Tadeyo anabadwira ku Bembeke, kufupi ndi mishoni. Bambo awo anali akatekisiti. Ali mwana ankatumikira pa Misa, ndipo ngakhale mapemphero anali atayamba kale kuchitika m'Chichewa, kunali wansembe wina wachizungu wokalamba amene ankawasonkhanitsabe anyamata madzulo a Loweruka n'kumawaphunzitsa nyimbo za Chilatini. Atakula anakhala mphunzitsi wa pulayimale. Anakumana ndi a Vainess, nesi wa ku Ntcheu, pa chipatala cha mishoni, ndipo anamanga ukwati woyera pa guwa. Anadikira mwana nthawi yaitali. Atabwera, mtsikana, anamutcha Chiyanjano, ndipo sipanabwerenso wina.

Kuno anawabweretsa ndi a Vainess, amene anapeza ntchito ya unesi m'zaka zija manesi ambiri ankachoka kwathu. A Tadeyo anatsatira pambuyo ndi mwana. Mapepala awo a uphunzitsi kuno sanagwire ntchito. Munthu amene ku Dedza ankalonjeredwa ndi aliyense pamsewu anayamba kutsuka mapoto m'khitchini ya hotela, akulamulidwa ndi achinyamata a msinkhu wa ana amene ankawaphunzitsa. Sanadandaule. Anangosiya kuyankhula. Mkazi akabwera m'mawa kuchokera ku naiti ankapeza tiyi ali pa tebulo, mwana atakonzeka kupita ku sukulu, koma mwamuna atayang'ana pa windo.

"Sindinamukwezerepo dzanja," anandiuza nthawi ina. "Koma m'nyumba mwathu munkazizira kuposa panja, ndipo wozizitsayo ndinali ine. Akandifunsa kuti chavuta n'chiyani ndinkati palibe. Mkazi angafunse zimenezo zaka zingati?"

A Vainess anachoka Chiyanjano atangoyamba sekondale. Ukwati unatha ku khoti, ndipo patapita nthawi anakwatiwa ku ofesi ya boma ndi a Norman Msiska, injiniya wa ku Rumphi amene mkazi wawo woyamba anamwalira. A Norman timapemphera nawo mpingo umodzi, ndipo ndinene pano kuti ndi munthu wabwino, wofatsa, amene sanayambe wanenapo mawu oipa za a Tadeyo ine ndikumva.

Kwa Akatolika, ukwati womangidwa pa guwa khoti silingauthetse. Amene wakwatiwanso mnzake woyamba uja akadali moyo amaloledwa kubwera ku Misa, koma salandira Ukaristia, umene ife timati Mgonero. A Vainess sanasiye tchalitchi. Ngakhale anasamukira ku Partick, Lamulungu lililonse ankakwera basi kubwera ku parishi yawo yakale ya ku Maryhill, kumene mwana wawo anakulira, ndipo anthu akamadzuka kupita kutsogolo iwo ankapinda miyendo kuti ena adutse. A Tadeyo ankayimba kwaya mu parishi yomweyo.

Kamodzi kokha a Vainess anapita ku fulati ya a Tadeyo kukapempha chinthu. Mpingo wawo uli ndi khoti lake limene limatha kugamula kuti ukwati sunalipo kuyambira pachiyambi, ngati papezeka kuti wina anakakamizidwa kapena kunamizidwa. Iwo anafuna kuti a Tadeyo akachitire umboni kuti makolo ndiwo anawakakamiza.

"Mayi a Chiya," anatero a Tadeyo, "anakukakamizani ndani? Si inu nomwe munakana mwana wa mwini golosale wa pa Mphate uja chifukwa cha mphunzitsi wa nsapato imodzi?"

A Vainess akuti anaseka, kenako analira, n'kutenga chikwama chawo. Nkhaniyo sanaiyambenso.

Amayi a ku mpingo kwathu sakonda kuona mwamuna akudziphikira. Anayesa kuwalumikiza a Tadeyo ndi mayi Winifred, namfedwa wa ulemu wake wa ku dera la Gorbals. A Tadeyo anapitako ataitanidwa, anamwa tiyi, anakonza chitseko cha kabati chimene chinali chitaguluka, ndipo potsanzika anathokoza n'kunena kuti iwo ali pa banja. Mayi Winifred anandiuza pambuyo pake kuti sanakwiye, chifukwa bamboyo ananena zimenezo maso ali pansi ngati akupepesa. Ine ndikudziwa kuti sizinali zopepuka. Sabata yonse yotsatira ku kantini sanadye kanthu.

Moyo wawo unayenda motero zaka zingapo. Ntchito ya basi, imene anaipeza atasiya ya ku hotela, anaikonda. Chiyanjano ankagona kwa iwo Lachisanu ndi Loweruka, ndipo atakula ankabwerabe. Masiku opuma ankayenda m'mbali mwa kanalo, ngalande yaikulu yoyendamo mabwato imene imadutsa kuseri kwa fulati yawo, kolona ili m'thumba la jekete, akupemphera chamumtima kuti othamanga ndi oyendetsa agalu asawadabwe.

Mu 2016 Papa anatulutsa chikalata chachitali chonena za mabanja. Amene anayamba kuwauza a Tadeyo anali Hugh McGarrity, makaniko wa ku depoti amene anali pafupi kupuma ntchito, Mkatolika wa ku Gorbals wa makolo ochokera ku Ireland. Mbali ina ya chikalatacho ambiri anaimva kuti ikutsegula khomo: munthu wokwatiranso, akakambirana mozama ndi wansembe wake, nthawi zina akhoza kuloledwa kulandira. Ena ankati ayi, sichikunena zimenezo. Maepiskopi a m'mayiko osiyanasiyana anamasulira mosiyana, ndipo akuluakulu ena a mpingo analemba mafunso kupita ku Roma. Hugh ankabwera ndi nkhani zimenezi tsiku lililonse, manja ali oyilo, nkhope ili psu.

A Tadeyo anachiwerenga okha chikalatacho pa foni, pang'onopang'ono, magalasi ali pa nsonga ya mphuno. Tsiku limene anamaliza anaika foniyo chafufumimba pa tebulo.

"A Eneya, chinthu chikakhala choona chaka chatha, chingasiye kukhala choona chaka chino?"

Ndinati kwathu ku CCAP munthu wotere amakhala pansi kwa kanthawi, akulu a mpingo amamuyendera, kenako amabwerera ku Mgonero, ndipo denga la tchalitchi silinagwepo.

"N'chifukwa chake ine si wa CCAP," anatero, ndipo tonse tinaseka. Koma kuseka kwawo sikunapite patali. "Ambuye ananena okha za nkhani imeneyi, mawu omveka, oti mwana wa Sitandade 3 akhoza kuwamva. Papa ndi mlonda wa mawuwo. Mlonda sasuntha mpanda."

Tinali titazolowerana mokwanira, choncho ndinawafunsa chimene chinali kukhosi kwanga. Ndinati kodi chikukuwawani ndi chiphunzitso, kapena ndi zaka zonsezi mwagona nokha?

Anakankhira kapu ya tiyi pambali.

"Zonse ziwiri," anayankha. "Ndikati chimodzi ndinama. Koma ngakhale mutachotsapo zaka zangazo, funso lija litsalabe."

Anapita kukaonana ndi Bambo Rafferty, bambo mfumu wa parishi yawo, munthu wachikulire wodekha amene ankawadziwa onse awiri. Wansembeyo anawauza kuti palibe amene wanena kuti ukwati wawo watha, kuti kukhulupirika kwawo sikunapite pachabe, ndiponso kuti Papa akungopempha ansembe kuti aziyang'ana munthu aliyense payekha ndi mabala ake. A Tadeyo anamvetsera mpaka kumapeto, anapempha dalitso, n'kutuluka osakhutira. Sanakangane ndi aliyense. Anabweza buku la nyimbo kwa mkulu wa kwaya, ndipo Lamulungu lotsatira anawoloka mtsinje wa Clyde ndi Hugh kupita ku tchalitchi china kumene kunkachitika Misa ya Chilatini, ya mwambo wakale.

Anabwerako nkhope ikuwala. Anandifotokozera za wansembe woyang'ana ku guwa, za amayi ofunda timipango ta lesi kumutu, za bata loti ukhoza kumva kandulo ikuthetheka. Anthu akuda analipo iwo ndi banja limodzi la ku Nigeria basi. Kwaya itayamba, anapeza kuti pakamwa pawo pakutuluka mawu amene sanawayimbe chichokereni ku Bembeke, osaphonya ngakhale limodzi, moti mayi wina wokalamba anatembenuka kuwayang'ana. Kumeneko anapezako anthu oganiza ngati iwo. Ena mwa iwo ankakonda kukwiya kuposa kupemphera, ndipo pa tiyi wa pambuyo pa Misa dzina la Papa linkatchulidwa mwa njira imene a Tadeyo sankaikonda. Zikafika pamenepo iwo ankapita kukatsuka makapu.

Patapita zaka ziwiri Chiyanjano, amene tsopano ankagwira ntchito ku famase, anabweretsa mnyamata dzina lake Kieran, Mkatolika wa kuno komweko. Ukwati unakonzedwa kuti ukachitikire ku parishi ya ku Maryhill, womangitsa Bambo Rafferty. Ine anandisankha kukhala wapampando wa komiti, mwina chifukwa ndinali munthu mmodzi amene ankalowa ku nyumba zonse ziwiri.

Kutatsala milungu yochepa, Chiyanjano anawatenga bambo ake kukayenda ku kanalo masana a Loweruka. Mtsikanayu Chichewa amamva chonse, koma akafuna kunena za pansi pa mtima amasakaniza ndi Chingerezi cha ku Glasgow chothamanga chija.

"Adadi, pali chinthu ndikufuna mumve kwa ine, osati kwa anthu. Amami akhala akukumana ndi Bambo Rafferty kwa chaka chathunthu tsopano. Pa ukwati wanga adzalandira."

A Tadeyo anaima. Pamadzi pankadutsa bwato lalitali la mtundu umene anthu ena kuno amagonamo, ndipo anadikira kuti lipite.

"Iwo ndi a Norman agwirizana zokhala ngati mlongo ndi mchimwene wake?" anafunsa. Pa chiphunzitso chakale imeneyo ndiyo inali njira yokhayo.

"Dad! Zimenezo si zanga, komanso si zanu."

"Si zangadi."

"Mubwera?"

"Mwana wanga ndi mmodzi. Ndingapite kuti tsiku limenelo?"

"Sindikufunsa zobwera zokha ayi. Ndikufunsa ngati mudzakhale mpaka kumapeto."

Iwo anangoyambanso kuyenda, ndipo mwanayo anabwerera ku Partick akulira.

Hugh atamva anali ndi malangizo okonzeka. Anati mwana umuperekeze mpaka kutsogolo chifukwa ndi udindo wako, koma ikafika nthawi yolandira udzuke, utuluke poyera anthu onse akuona, ukagwade panja. Anati kukhala chete pamene sakramenti likunyozedwa ndi kuvomereza. A Tadeyo anandiuza zimenezi okha, ndipo nditawafunsa chimene achite anati sakudziwa. Ine monga wapampando ndinasowa mtendere. Ndinali nditakonza za holo, za magalimoto, za amayi ophika, koma ichi chinalibe komiti.

A Norman ndiwo anandipeputsira mbali ina. Anandiimbira foni n'kunena kuti ku tchalitchi akhala benchi yachitatu pamodzi ndi alendo, ndipo ku holo mpando wa bambo a mkwatibwi ndi wa a Chimbalanga. "Ine mwanayu ndamulera nawo," anatero, "koma sindinamubereke, ndipo bambo ake sanamutayepo."

Tsikulo linali la mu Juni, mvula ya m'mawa itakata. A Tadeyo anavala suti yotuwa imene Chiyanjano anawasankhira. Analowa naye m'tchalitchi pang'onopang'ono, mutu uli chilili, n'kumupereka kwa Kieran. Kenako anakakhala benchi yoyamba, kumapeto, ndipo a Vainess anali kumapeto enawo, pakati pawo pali azakhali awiri ochokera ku Leeds. Hugh anaitanidwa, ndipo anakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko.

Malumbiro anadutsa bwino, amayi analuluta mpaka achibale a Kieran anadzidzimuka kenako n'kuyamba kuseka. Itafika nthawi yolandira, akwati anayamba, ndipo benchi yoyamba inadzuka. A Vainess anaimirira atagwira thabwa la kutsogolo. Ine ndinali pafupi. Kumbuyo chitseko chinalira: Hugh anali atatuluka. Ndinayang'ana a Tadeyo. Anali atagwada, nkhope ili m'manja. Azakhali aja anachita kuzungulira mbali inayo chifukwa iwo sanasunthe. A Vainess analandira, anabwerera, anagwada. Mzere unatha, wansembe anayang'ana ku benchi yoyamba kanthawi, kenako anabwerera ku guwa. A Tadeyo sanatuluke, koma sanapitenso kutsogolo.

Pa Amalawi palibe chimene chimadutsa osaonedwa. Tisanafike n'komwe ku holo nkhani inali itafala kuti a Chimbalanga akana kulandira pamodzi ndi mkazi wawo wakale.

Zotsatirazi ndinazimva ndi makutu anga, chifukwa zinachitikira m'kakhonde ka kuseri kwa khitchini ya holo kumene ndinkalandira mapoto a mpunga. A Tadeyo anali atabwera kudzandithandiza kunyamula. A Vainess anatulukira atanyamula m'mphepete mwa diresi lawo kuti lisakhudze pansi ponyowa, ndipo sanasamale zoti ine ndilipo.

"Bambo a Chiya, munafuna kuti anthu onse aone kuti simungadyere mbale imodzi ndi ine?"

A Tadeyo anatsitsa poto.

"Ayi, mayi a Chiya. Dzulo ndinakalapa. Lero sindinadye kanthu chidzukireni. Ndinabwera kudzalandira pa ukwati wa mwana wanga."

"Ndiye chinakugwirani miyendo n'chiyani?"

"Nditakuonani mukudzuka, mtima wanga unachita chinthu chimene sindinkachiyembekeza. Ndinalakalaka kuti Bambo Rafferty akudumpheni. Kuti muime pamenepo manja ali m'mwamba, anthu onse akuona, mubwerere opanda kanthu. Ndinazilakalaka ndi mtima wonse, mwana wathu atagwada pomwepo ndi velo lake. Munthu wa mtima wotero sapita kutsogolo. Lamulo limenelo silinasinthe."

A Vainess anasiya m'mphepete mwa diresi lija n'kuwayandikira.

"Ndiye mukuvomera kuti ine sindinalakwe?"

"Ayi. Ndikuganizabe kuti simunayenera kudzuka, ndipo Bambo Rafferty sanayenera kukupatsani. Mukandifunsa mawa ndidzanena chomwecho. Koma zimenezo mukayankha ndinu ndi iwo. Ine ndakuuzani changa."

"Inu simusintha."

"Ndinasinthapo kamodzi, titangofika kuno, ndipo munaona mmene zinathera."

Mayiwo anapukusa mutu, koma mawu awo anatsika.

"Mukudziwa mmene zimakhalira? Zaka zonse zija, Lamulungu lililonse, kupinda miyendo kuti anthu adutse. Tiana timene ndinatiwona tikubadwa ku chipatala tikundipitirira kupita kutsogolo. Sindinapite kwa Bambo Rafferty kukapempha kuti anene kuti ndinachita bwino. Ndinawauza zonse, zanu ndi zanga. Koma a Norman sindingawasiye, bambo a Chiya. Kumeneko kungakhale kuphwanya nyumba yachiwiri pofuna kukonza yoyamba, imene singakonzekenso."

"Ndinkakuonani," anatero a Tadeyo. "Kwaya imakhala m'mwamba. Ndinkakuonani sabata iliyonse, ndipo ndinkakulemekezani kwambiri chifukwa cha kukhala pansi kumene kuja."

"Ulemu umenewo ine sunkandidyetsa."

M'holo nyimbo zinali zitayamba, ndipo a Norman anasuzumira pa chitseko n'kunena mwaulemu kuti mwambo wa perekaniperekani ukudikira makolo a mkwatibwi. A Vainess anapukuta m'maso ndi nsonga ya chala kuti asawononge zodzola. A Tadeyo anavala jekete yawo, ndipo analowa motsatana. Anavina pang'ono, movutikira ngati munthu wamtali amene sanazolowere, ndipo Chiyanjano anawakumbatira onse awiri pamodzi asanathawe. Tsiku limenelo a Tadeyo anakhala mpaka nyimbo yomaliza, n'kuthandiza kupinda matebulo.

Hugh sanawayankhule kwa miyezi ingapo. Ankati a Tadeyo anafooka pa nthawi yofunika umboni. Pambuyo pake anayambanso kukhala benchi imodzi, koma sizinabwerere mwakale. Zaka zingapo zitadutsa, Roma inaika malamulo ochepetsa Misa ya Chilatini, ndipo gulu lawo linagwedezeka kwambiri. Ena anabwerera ku maparishi awo, ena anatsala kumene Misayo inkapezekabe ndi chilolezo. Hugh ndi anzake ochepa anayamba kusonkhana m'chipinda cha lendi pamwamba pa shopu ina, ndi wansembe wobwera mwa apo ndi apo amene ankaphunzitsa kuti ku Roma kulibenso Papa weniweni. Hugh anabwera ku Maryhill kudzawatenga a Tadeyo.

Iwo anamuphikira tiyi, anamumvetsera, kenako anamuyankha m'Chingerezi chawo cha uphunzitsi chija. Anandibwerezera m'Chichewa tsiku lotsatira: "Ndinamuuza kuti Hugh, ine mkazi atachoka sindinakatenge wina. Ndiye Papa akandikhumudwitsa ndikafune mpingo wina? Ndikuganiza kuti analakwitsa, ndipo ndikanakumana naye ndikanamuuza nditagwada. Koma ndi bambo wanga."

Hugh anachoka osamaliza tiyi. Mpaka lero amatumizirana makadi pa Khirisimasi.

A Tadeyo anapuma ntchito ya basi chaka chathachi. Amapitabe ku Misa ya Chilatini kumene ikupezeka movomerezeka, ngakhale ulendo wake ndi wa mabasi awiri, ndipo mkati mwa sabata amalowa mu parishi ya ku Maryhill m'mawa, pamene mumakhala okalamba okhaokha. Maganizo awo pa chikalata chija sanasinthe. Ndinawafunsanso posachedwa ndipo anandiyankha ndi mawu omwe aja a ku kantini. Chiyanjano ali ndi mwana wamkazi tsopano, ndipo Lachitatu agogo aamuna ndiwo amakamutenga ku nasale n'kukamusiya ku Partick kwa agogo aakazi. Amafika pa khomo, amapereka mwana ndi kachikwama kake, amalonjerana ndi a Norman za nyengo ndi za mpira, koma m'nyumba salowa.

Papa uja atamwalira, m'masiku a Pasaka, parishi ya ku Maryhill inachita Misa yopempherera mzimu wake madzulo a tsiku lina la mkati mwa sabata. A Tadeyo anandipempha kuti ndiwaperekeze chifukwa bondo linkawavuta, ndipo ndinapita ngakhale kwathu sitipempherera akufa. Anavala jekete yakuda ya pa maliro. Anagwada Misa yonse ndi bondo lomwelo. A Vainess analiponso, mbali ina ya tchalitchi.

Titatuluka tinakumana nawo pa siteji ya basi. Kunkawaza kamvula, ndipo tonse atatu tinapanikizana pansi pa kadenga ka galasi. A Vainess anawayang'ana a Tadeyo kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa.

"Inunso munabwera? Kapena mumafuna kudzatsimikiza kuti apitadi?"

A Tadeyo anaseka mpaka kutsokomola. Sindinawaonepo akuseka choncho.

"Ndawapempherera tsiku lililonse chisankhidwireni," anatero atapeza mpweya. "Kuposa inu, ndikukhulupirira. Inu munalibe nawo mlandu."

"Ndiye muzipitiriza. Kumene aliko afunika anthu aliuma ngati inu."

Basi ya ku Partick inatulukira pa kona. A Tadeyo anatambasula dzanja kuiimitsa, anawerama kulonjera dalaivala amene ankamudziwa, n'kumuuza kuti adikire mayiwa akhale kaye pansi asananyamuke chifukwa pansi m'basimo panali ponyowa. Ife yathu inachedwa, ndipo tinaganiza zongoyenda wapansi pang'onopang'ono.